Kujambula mabwinja m'chigawo cha Tete: nyumba yopanda denga ili ndi eni ake

Wowerenga wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, walemba kuti: "Ndakhala ndikuona pa Facebook zithunzi za anthu akunja amene amalowa m'nyumba zosiyidwa, m'mafakitale otsekedwa ndi m'mahotela akugwa n'kumajambula, ndipo zimandikoka mtima. Kwathu kuno kuli makantina akale opanda madenga m'mbali mwa msewu, komanso ndimamva za tchalitchi chakale cha ku Boroma. Ndili ndi foni yojambula bwino ndi kamera imene anandisiyira amalume. Kodi ndingangolowa n'kujambula, popeza eni ake anachoka kalekale? Ndisamale chiyani, ndipo nditani kuti zithunzi zanga zisaoneke ngati mulu wa njerwa basi?"

Achimwene, musangolowa. Anthu amene mumawaona pa intaneti aja ambiri amanyadira kulumpha mpanda usiku popanda wowaona, ndipo kwa iwo kuzemba alonda ndi mbali ya masewerawo. Khalidwe limenelo mukabwera nalo kuno, mudzapeza mavuto musanatsegule n'komwe kamera. Pa zaka zimene ndayenda ndikujambula nyumba zakale m'chigawo chino, sindinapezepo bwinja lopanda mwini. Lina ndi la boma, lina la mpingo, lina la banja limene limalima chimanga mpaka pakhonde pake, ndipo lina ndi la anthu amene anafera pomwepo, omwe abale awo akali moyo m'mudzi woyandikana nawo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, kumbukirani mmene nyumbazi zinakhalira mabwinja. Makantina amene mukunena anali masitolo a Apwitikizi ndi Amwenye, kumene makolo athu ankagulitsa chimanga, nyemba ndi mtedza n'kugulako mchere, sopo ndi nsalu. Eni ake ambiri anachoka m'zaka za 1974 ndi 1975, dziko likulandira ufulu wodzilamulira. Pa 24 Julaye 1975 boma latsopano linatenga masukulu ndi zipatala, kuphatikizapo za mamishoni, ndipo pa 3 Febuluwale 1976 linatenganso nyumba zobwereketsa, zimene pambuyo pake zinkayang'aniridwa ndi APIE, bungwe la boma loyang'anira nyumba zake. Kenaka inabwera nkhondo ya pachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anangowoloka malire kupita ku Dedza ndi Ntcheu. Pobwerera anapeza malata atachotsedwa, zitseko zitasanduka nkhuni, makoma ali ndi mabowo a zipolopolo. Kantina imodzi yomweyo inakhalapo sitolo ya mtsamunda, mwina inakhalaponso sitolo ya anthu onse m'masiku a Samora Machel, kenaka msasa wa asilikali, ndipo pa gawo lililonse la mbiri imeneyo pali munthu amene amalikumbukira ndi chimwemwe kapena ndi misozi. Pamwamba pa zonsezi, malo onse m'dziko lino ndi a boma, ndipo munthu amangokhala ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, umene timautcha DUAT. Malinga ndi lamulo la malo la 1997, banja kapena mudzi umene wakhala ukugwiritsa ntchito malo motsata mwambo uli ndi ufulu umenewo ngakhale popanda chikalata m'manja, choncho mayi amene mudzamupeze akupalira pafupi ndi bwinja ali ndi mphamvu yonse yokufunsani kuti mukufuna chiyani pamunda pake.

Palinso lamulo lina limene ojambula ambiri salidziwa, la nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, loteteza chuma cha chikhalidwe chathu. Lamuloli limaika m'gulu la zinthu zotetezedwa nyumba zonse zimene zinamangidwa chaka cha 1920 chisanafike. Kujambula nyumba yotere si mlandu, koma kugumula njerwa, kuchotsa tayilosi, kukumba pansi pofunafuna zakale kapena kulemba dzina lanu pakhoma ndi kuwononga chuma cha dziko, ndipo ndalama yakale kapena chitsulo chimene mwachitola pamenepo sichikhala chanu chifukwa choti ndinu amene mwachiona.

Njira yolowera ndi yomwe mumaidziwa kale monga mwana wa kumudzi, kungoti achinyamata akagwira kamera amaiiwala. Ngati malowo ali kutali ndi kwanu, yambirani ku ofesi ya boma ya m'deralo, ya posto kapena ya localidade, mufotokoze chimene mwabwerera, ndipo ngati n'kotheka mutenge kalata yokudziwitsani, ija timaitcha kredensiyali. Ngati ndinu wophunzira, sukulu yanu ingakulembereni. Kuchokera pamenepo pitani kwa amfumu kapena kwa anyakwawa, kapena kwa sekeletale wa bairro ngati muli m'tauni, mukhale pansi, mupereke moni mokwanira, ndipo mupemphe kuti akupatseni munthu wokuperekezani. Munthu ameneyo mudzamuthokoze ndi kangachepe pobwerera, chifukwa wasiya khasu lake chifukwa cha inu. Nyumba za mishoni muzipempha kwa ansembe a parishi kapena ku dayosizi ya Tete, ndipo za zipilala ndi malinga akale a mumzinda, monga linga la São Tiago Maior, mukafunse ku ofesi ya chigawo yoona za chikhalidwe ndi zokopa alendo.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Tsiku lina ndili wamng'ono pa ntchitoyi ndinatsika shapa, minibasi yonyamula anthu, pamudzi wina, ndinaona kantina yokongola itamera mtengo pakati, ndipo ndinayamba kuizungulira ndikujambula ndi kulemba m'kabuku. Pasanathe mphindi makumi awiri ndinali nditazingidwa ndi abambo asanu ndi mmodzi, wina atagwira chikwanje chimene anachokera nacho kumunda. Sanandimenye, koma anandikhazika pansi pa mtengo maola atatu akundifunsa kuti ndatumidwa ndi kampani iti. Poyamba ndinaona ngati akundichitira nkhanza, koma nditaganiza bwino ndinawamvetsa. M'chigawo chimene anthu anaona mabanja a ku Moatize akusamutsidwira ku Cateme kuti papezeke malo okumba malasha, mlendo woyeza nyumba ndi maso n'kumalemba m'kabuku amaoneka ngati kalambulabwalo wa msamuko. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo ndinalidya ndithu. Chodabwitsa n'chakuti mmodzi mwa abambo omwewo ndi amene pambuyo pake anandionetsa pamene panali sikelo yoyezera chimanga, n'kundiuza mmene mwini sitolo ankaponderezera mbale ya sikeloyo ndi chala.

Pali malo ena amene ngakhale amfumu atakulolani kufika, muyenera kufunsanso kawiri musanatulutse kamera. Mabwinja ambiri a kwathu kuno anayandikana ndi manda, ndipo kunkhalango ya kumanda n'kumene kumakhala dambwe la Gule Wamkulu. Munthu wosameta sayandikirako, ndipo wometa amadziwa yekha kuti za kumeneko sizijambulidwa. Malo amene anthu anaphedwerapo nawonso amafuna mtima wina. Ku Wiriyamu, kumene asilikali a Chipwitikizi anapha anthu a m'midzi pa 16 Disembala 1972, kuli chipilala cha chikumbutso, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi malo a maliro. Koma nyumba zambiri zimene munachitika zoopsa m'nkhondo ya pachiweniweni ija zilibe chikwangwani chilichonse, ndipo mudzadziwa pokhapokha wokuperekezani akangoti zii pakhomo n'kukana kulowa. Akatero, musamukakamize, ndipo inunso musalowe.

Nyumba zina zimaoneka zosiyidwa mukaziyang'anira kumsewu, koma mkati muli anthu. Chitsanzo chodziwika m'dziko lino ndi Grande Hotel ya ku Beira, imene inatsegulidwa m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, ndipo lero mukukhala anthu zikwizikwi. Alendo ambiri ajambula umphawi wa anthu amenewo n'kukautchukira kunja, eni nkhopezo osapindulapo kanthu. Mukapeza chingwe choyanikapo zovala, mafuwa a moto kapena mphasa yopindidwa pakona, dziwani kuti mwalowa m'nyumba ya munthu, ndipo muodire monga mmene mungachitire pakhomo lina lililonse. Musajambule munthu asanavomere, ndipo ana musawajambule popanda kholo lawo. Pewaninso kulozetsa kamera ku malo a asilikali, a apolisi, kumalire a dziko, ndi kumalo otetezedwa monga damu la Cahora Bassa, migodi ndi njanji popanda chilolezo cha oyang'anira malowo. Drone, kandege kojambula kouluka popanda munthu mkati, imafuna chilolezo cha bungwe loona za ndege la IACM, ndipo kumudzi imadzutsa mantha ambiri kuposa kamera.

Za ngozi, ndiyambe ndi imene anzathu akunja aja saiganizira n'komwe. Mu Seputembala 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lachotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika, ndipo chigawo cha Tete chinali ndi ena mwa malo oopsa kwambiri, kuzungulira damu la Cahora Bassa ndi m'malire a Zimbabwe. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti malo amene ankadziwika. Zipolopolo zosaphulika, magirinedi ndi mabomba a mizinga zimatha kutsalira m'nyumba zimene munkagona asilikali, ndipo dzimbiri silichotsa ukali wake. Yendani m'njira imene anthu ndi mbuzi amadutsamo tsiku ndi tsiku, musafukule milu ya dothi, ndipo mukaona chitsulo chimene simukuchidziwa musachikhudze ngakhale ndi ndodo. Bwererani momwe munadzera, mukauze amfumu ndi apolisi.

Nyumbayo payokha ndi msampha. Chiswe chimadya mtanda mkati n'kusiya khungu lakunja likuoneka lamphumphu, kotero kuti thabwa limene likuoneka lolimba limafumbutuka mukangolipondapo. Musakwere masitepe a matabwa kapena kuyenda pa chipinda cham'mwamba, ndipo musayime pansi pa khoma limene lapendekeka kapena limene mng'alu wake ndi wotakata kumwamba kuposa kumunsi, chifukwa limenelo layamba kale ulendo wakugwa. Pa simenti ya denga yang'anani pamene zitsulo zamkati zatulukira zitachita dzimbiri, popeza chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kuswa simenti yochizungulira. Kuseri kwa nyumba za atsamunda kumakhala zitsime, matanki a madzi a pansi ndi maenje a zimbudzi, zophimbidwa ndi matabwa owola ndi udzu, ndipo zimenezi ndimaziopa kuposa njoka. Madenga otuwa a lusalite akale ali ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka zambiri, choncho zidutswa zake musaziphwanye kapena kuzisesa. M'chipinda chamdima chonunkha mkodzo wa mileme musakhalitsemo, chifukwa m'zitosi zake zouma mumamera tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo. Valani chophimba mphuno ndi pakamwa chokhuthala bwino, nsapato zotseka zolimba pansi ndi buluku lalitali, ndipo munyamule tochi ndi madzi okwanira.

Njuchi ndizo zimene zinandithamangitsapo koposa chilichonse. Zimakonda chumuni, siling'i ndi mabowo a m'makoma, ndipo zikakwiya zimalondola munthu mtunda wautali. Musanalowe, imani pakhomo mphindi ziwiri kapena zitatu muli chete, mumvetsere kulira kwake ndi kuyang'ana ngati pali bowo limene zikulowa ndi kutuluka. Mphiri imagona pa masamba ouma osasuntha, zinkhanira zimabisala pansi pa njerwa zakugwa, ndipo chitedze chimakonda kuyanga pa mipanda yakale. Musapite nokha, ndipo kunyumba adziwe kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere, chifukwa malo ambiri otere alibe netiweki.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala, udzu utauma, makoma atauma, njira zikuoneka. M'dzinja njerwa zosawotcha ndi dothi lomangira zimamwa madzi, ndipo makoma ambiri amagwa nthawi imeneyo. Inu a ku Angónia munazolowera kamphepo ka kumapiri, choncho ndikuchenjezeni kuti kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti foni imazima yokha ndipo munthu amachita chizungulire asanazindikire kuti ali ndi ludzu.

Tsopano za chithunzi chenichenicho. Chimene chimasandutsa bwinja kukhala mulu wa njerwa ndi dzuwa la masana, limene limagwa kuchokera pamwamba n'kufafaniza maonekedwe onse a khoma. Jambulani dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 8 koloko, kapena kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo, pamene kuwala kumabwera chammbali n'kuonetsa mng'alu uliwonse, bowo lililonse la chipolopolo ndi malo amene pulasitala anasupuka. Dziwaninso kuti kuno tili kummwera kwa dziko lapansi, ndiye m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto: khoma loyang'ana kumpoto limawala tsiku lonse, pamene loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni masana, ndipo imeneyo ndi nthawi yokhayo imene masana amathandiza, chifukwa kuwala kumatsikira mpaka pansi m'zipinda zopanda denga. N'chifukwa chake ndimakonda kupita pamalo kawiri, ulendo woyamba wokacheza ndi eni malo ndi kuona kumene nyumba yayang'ana, wachiwiri wokajambula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkati mwa nyumba vuto ndi lakuti chipinda ndi chamdima pamene zenera likuwala kwambiri, ndipo kamera singathe kukhutiritsa zonse ziwiri. Pa foni, dinani pamalo owala kuti kuwala kutsike, kapena mutsegule HDR, imene imathandiza kuti malo owala ndi amdima aoneke onse pa chithunzi chimodzi. Pa kamera ya amalume, ikani ISO, nambala ya mphamvu imene kamera imamvera kuwala, pakati pa 100 ndi 400, kabowo ka lenzi pa f/8, muikhazike pa choimikira cha miyendo itatu kapena pa njerwa yokhazikika, ndipo mugwiritse ntchito kawotchi ka masekondi awiri kuti dzanja lisaigwedeze. Ngati imatha kusunga zithunzi mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yajambula, sankhani zimenezo, chifukwa mudzatha kukweza mdima pambuyo pake pa kompyuta. Fulashi izimitseni, imaphwatalitsa chilichonse. Musasinthe lenzi m'kati mwa fumbi. Gwirani kamera mowongoka pa msinkhu wa pachifuwa, chifukwa mukailozetsa m'mwamba makoma amaoneka ngati akugwera chagada, ndipo ngati nyumba sikukwana, ndi bwino kubwerera m'mbuyo mutayang'ana kaye pamene mukuponda.

Koma luso lalikulu lili pa kusankha chojambula. Oyamba kumene amajambula nyumba yonse ali patali n'kumapita. Chithunzi chimenecho n'chofunika, chifukwa chimaonetsa nyumbayo pakati pa minda, mapiri kapena milambe, koma nkhani ili pafupi. Pa kantina ina ndinakhala ola lathunthu pa khoma limodzi lokha. Pansi penipeni panali utoto wobiriwira wa mwini sitolo ndi zilembo zochepa za dzina lake, pamwamba pake njereza ndi mawu ofiira akuti "A luta continua", kutanthauza kuti nkhondo ikupitirira, atafufutika theka, kenaka mayina a asilikali olembedwa ndi makala, ndipo pamwamba pa zonse masamu a ana a sukulu olembedwa ndi choko, wina atalakwitsa kuchotsera. Muzu wa kachere unali utatsika kuchokera pamwamba pa khomalo, wonenepa ngati mkono wa munthu, utalowa pakati pa njerwa n'kuzikankha, koma nthawi yomweyo ndiwo unkaligwira kuti lisagwe. Kauntala ya simenti inali yosalala pamalo amodzi pamene zigongono za ogula zinkatsamira. Zinthu zotere musazisunthe kapena kuzikonza kuti zioneke bwino. Ndimadana ndi chizolowezi cha ojambula ena choika chidole kapena nsapato yakale pakati pa chipinda kuti anthu amve chisoni, chifukwa limenelo ndi bodza, ndipo mabwinja athu ali ndi chisoni chokwanira popanda kuwawonjezera. Ngati wokuperekezani avomera, mujambuleni ataima pakhomo, kuti woona adziwe kukula kwa nyumbayo komanso kuti ili pakati pa anthu amoyo.

Ku Boroma pitaniko ndithu. Mishoni ya São José ili pamtunda wa makilomita opitirira 20 kuchokera mumzinda wa Tete, kumtunda kwa mtsinje wa Zambezi, ndipo tchalitchi chake chili paphiri moti chimaonekera patali. Anaiyambitsa ndi ansembe a Chijezuiti m'zaka za m'ma 1880, ndipo mmodzi mwa iwo, László Menyhárth wa ku Hungary, ankalemba za nyengo ndi kutolera zomera za kumeneko m'ma 1890. Ajezuiti anathamangitsidwa ufumu wa ku Portugal utagwa mu 1910, ndipo mishoniyo inadutsa m'manja osiyanasiyana mpaka boma linaitenga dziko litalandira ufulu. Ndi nyumba yomangidwa 1920 isanafike, ndiye lamulo lija limaiteteza, ndipo kwa akhristu ndi malo opatulika, osati bwinja wamba. Anthu a kumeneko amalankhula Chinyungwe, chimene mudzachimva pang'ono ndi Chichewa chanu, koma moni muuphunzire m'chilankhulo chawo. Mukadzakhwima pa ntchitoyi mudzaganize za ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ndi mabwinja a mishoni ya Miruro m'boma lomwelo. David Livingstone podutsa ku Zumbo mu Januwale 1856 anapeza kale tchalitchi chakugwa ndi belu losweka, kutanthauza kuti malowo anali bwinja agogo a agogo athu asanabadwe. Ulendo wake ndi wautali ndi wodula, si woyambira. Mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, umene unaphulitsidwa m'nkhondo m'ma 1980, ambiri amauyesa chinthu chakale chongojambula, koma unakonzedwa ndipo sitima zimadutsapo, ndiye kumeneko mufunse a njanji.

Pobwerera, lembani tsiku lomwelo dzina la malo, deti, kumene kamera inayang'ana ndi zimene akuluakulu anakuuzani, mosiyanitsa zimene anaona ndi maso ndi zimene anangomva. Pakapita zaka khumi khomalo lidzakhala litagwa, nkhalambazo zitapita, ndipo chithunzi chopanda mawu amenewa chidzakhala chokongola koma chosathandiza aliyense. Poika pa intaneti, zimitsani GPS ya pa chithunzi ndipo musalongosole njira yofikira pa nyumba zosatetezedwa, chifukwa ogula zitsulo zakale ndi ofuna njerwa zaulere nawonso ali ndi mafoni, ndipo ndinaonapo mafelemu a mazenera atazulidwa pamalo amene ndinawajambula chaka chimodzi m'mbuyomo. Musatchule dzina la munthu amene anakuuzani za nkhondo ngati iye sanalole.

Yambirani pa kantina ya kufupi ndi kwanu, kumene amfumu amadziwa bambo anu. Loweruka loyamba kamera muisiye kunyumba, mupite ndi kabuku kokha, mukafunse munthu wamkulu koposa m'mudzimo kuti sitoloyo inali ya yani, ankagulamo chiyani, ndipo denga linachoka chaka chiti. Loweruka lachiwiri mufike dzuwa lisanatuluke. Mukatsukitsa zithunzi ku Ulongwe, ziwiri kapena zitatu mukazipereke kwa amfumu ndi kwa amene anakuperekezani, ndipo mukawafunse ngati akudziwa nyumba ina yakale chapafupi.